Mbale Zinayi za m'Sutikesi ya Agogo

Agogo anga aamuna atamwalira m'chaka cha 2021, katundu wawo adagawidwa litadutsa tsiku lometa. Njinga idapita kwa amalume, makasu ndi ngolo zidatsala ndi agogo aakazi, ndipo jekete la ku Joni adalitenga msuweni wanga. Pamapeto padatsala sutikesi yachitsulo yadzimbiri imene inkakhala pansi pa bedi zaka zonse za ubwana wanga. Ataitsekula anthu adaseka. Mudali mbale za galamafoni 37, zina m'zikuto zake, zina zokulungidwa m'nyuzi zakale. Padalibe amene adazifuna chifukwa gumbagumba yoziimbira idafa ine ndisadabadwe. Azakhali ena adati tiwapatse ana akapangire mawilo a magalimoto awo amawaya. Ine ndidapempha kuti andipatse, ndipo amalume adati, "Tenga mphwanga, mwina kusukulu kwanuko akakuuza ntchito yake."

Kwa anzanga amene adakula ndi nyimbo za pafoni, ndiyambe ndafotokoza pang'ono za mbalezi. Mbale ya nyimbo ndi yakuda, yozungulira, ndipo mbali iliyonse ili ndi kanjira kamodzi kokha kopyapyala kamene kamayambira m'mphepete n'kumazungulira mpaka pakati. Mawu a woimba ndi a zoimbira zake adadindidwa m'mbali mwa kanjirako ngati timakwinya. Singano ikamayenda m'menemo imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndiko kumasanduka nyimbo. Mbalezi zilipo mitundu itatu. Zakale kwambiri zimazungulira ka 78 pa mphindi imodzi, n'zolemera, ndipo zikagwa zimasweka ngati phale. Zikuluzikulu zotchedwa LP, zomwe kampani ya Columbia idayamba kutulutsa mu 1948, zimazungulira ka 33 ndi pang'ono, ndipo mbali imodzi imaimba mphindi pafupifupi 20. Zing'onozing'ono zozungulira ka 45 zidabwera ndi kampani ya RCA Victor mu 1949, ndipo kawirikawiri zimakhala ndi nyimbo imodzi mbali iliyonse. Chofunika kuchigwira ndi chakuti nthawi iliyonse singano ikadutsa imadya kanjirako pang'ono. Mbale yoimbidwa kwambiri imatuwa, ndipo ikamaimba imathetheka ngati moto wa lupsa. Choncho mbale imasunga zinthu ziwiri, nyimbo ndiponso umboni wa mmene eni ake adaimverera.

Padatha chaka chathunthu ndisadamve ngakhale imodzi. Ndili chaka choyamba kuyunivesite ndidapeza choimbira chakale pamsika wina ku Lilongwe, chitaunjikidwa pamodzi ndi mawailesi akufa. Lamba wake adali atatha. Mmisiri wa mawailesi adaikamo wina, ndipo singano adandigulira mchemwali wa mnzanga amene amachita geni ya ku Johannesburg. Kuyambira pamenepo ndidayamba kumvera mbalezi imodziimodzi. Zambiri ndi zabwino, koma pali zinayi zimene ndimazikonda kuposa zonse.

Yoyamba ndi LP ya Jim Reeves yotchedwa We Thank Thee, ya nyimbo zauzimu, yomwe idatuluka mu 1962. Jim Reeves adali wa ku Texas m'dziko la America, ndipo adafa pangozi ya ndege kufupi ndi mzinda wa Nashville pa 31 Julaye 1964, patangotha milungu yochepa dziko lathu litalandira ufulu wodzilamulira. Adayenderako ku South Africa mu 1962 ndipo adajambulako nyimbo zina m'chiyankhulo cha Afrikaans. Zimandidabwitsa kuti mawu amodzi omwewo ankakondedwa m'nyumba za Mabunu komanso m'makomboni a anthu okumba golide, ngakhale malamulo a tsankho sankalola anthuwa kukhalira mpando umodzi. Agogo adagula mbaleyi ku Johannesburg ngati mphatso ya akazi awo. Agogo aakazi sadziwa Chingerezi, koma Lamulungu lililonse m'mawa, madzi osamba ali pamoto, mbaleyi inkayenera kuimbidwa banja lisadanyamuke kupita kutchalitchi.

Pa nyimbo ya "Across the Bridge" singano imalumpha. Nditawauza amayi za vutoli adaseka mpaka misozi. Adati ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, makolo atapita kudimba, adafuna kuona ngati munga wa mthethe ungagwire ntchito ya singano. Adazunguza mbale ndi chala, munga uli m'kanjira, ndipo adamvadi timawu tating'ono ngati ta udzudzu. Kenaka dzanja lidaterereka. Madzulo a tsikulo adalawa mkwapulo, koma chipsera chidatsala. Mpaka lero amayi akamang'ung'udza nyimboyi pophika amalumpha malo omwewo, chifukwa ndi mmene adaiphunzirira. Ndidayesapo kuwamvetsa nyimboyi pafoni, yosalala bwinobwino, ndipo adati imeneyo si yake.

Yachiwiri ndi Day of Judgement ya gulu la Ngozi Family, yomwe idatuluka ku Zambia mu 1976. Kwathu ndi ku Mchinji, ndipo kwa anthu a kumeneko Chipata ndi pafupi kuposa Lilongwe. Amalume ali mnyamata adawoloka malire n'kukafika ku Ndola komwe adagwira ntchito yokweza katundu m'malole. Nthawi imeneyo nyimbo za achinyamata a ku Zambia zidali pachimake. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoimbidwa pawailesi zikhale za m'dzikomo, ndipo ku Ndola kudali fakitale ya Teal yodinda mbale. Magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family adasakaniza magitala aukali a nyimbo za rock ndi kaimbidwe ka kwawo, mtundu wa nyimbo umene lero umadziwika kuti Zamrock. Mtsogoleri wa Ngozi Family adali Paul Nyirongo, amene ambiri amamudziwa kuti Paul Ngozi, ndipo adamwalira mu 1989.

Amalume atabwera nayo mbaleyi kumudzi idaimbidwa kawiri kokha. Agogo adati pakhomo pawo safuna phokoso la chigayo, ndipo adaitsekera m'sutikesi. N'chifukwa chake idali yonyezimira ngati yangochoka m'sitolo. Mwa mbale zonse iyi ndiyo ndidaikonda ndekha, popanda wondiuza. Gitala wake amalira mokalipa, ng'oma zake sizipuma, ndipo anzanga a m'chipinda chogona, omwe poyamba ankandiseka kuti ndine nkhalamba, ankabwera kudzapempha kuti ndiwaikire.

Yachitatu sindidaimvepo, ndipo sindidzaimva. Ndi mbale ya 78 ya Spokes Mashiyane, katswiri wa chitoliro chachitsulo amene adatchukitsa nyimbo za kwela ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950. Ili ndi mng'alu wochokera m'mphepete kufika pakati, ndiponso choimbira changa chilibe liwiro la 78. Nyimbo za kwela zidafika kuno ndi anthu obwerera kuchokera ku Joni ndi ku Halale, ndipo zidamera mizu. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adaziimba mwaluso kotero kuti katswiri wa maphunziro a nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, atawamva mu 1967 adawajambula ndi kulemba buku lonena za iwo. Chidandizunguza mutu ndi chakuti mbale yosweka imeneyi ndiyo idasungidwa mosamala kuposa zonse. Idali pansi penipeni pa sutikesi, yokulungidwa m'malaya oyera a munthu wocheperako thupi kuposa agogo. Ndidafunsa amayi ndi amalume, koma onse adati adaipeza ili choncho.

Yachinayi ndi kambale ka 45 ka Nashil Pichen Kazembe, woimba wa ku Zambia amene adakhalitsa ku Nairobi. Pali nyimbo ya m'Chinyanja ya "A Phiri Anabwera", imene idamveka kwambiri m'zaka za m'ma 1970 ku Zambia ndi kuno komwe. Imakamba za mtchona amene adakhala zaka zambiri kunja osakumbuka kwawo, ndipo potsiriza adabwerera ndi sutikesi yopanda kanthu n'kupeza abale ake adatha kumwalira. Amayi adandiuza kuti kambale aka kadali koletsedwa. Pa Khirisimasi gumbagumba inkatulutsidwa pabwalo, mudzi wonse n'kudzavina, koma wina akangokhudza kambaleka agogo ankazimitsa zonse n'kulowa m'nyumba. Ana adakula akudziwa kuti bambo awo amadana nayo nyimboyi.

Nditamva zimenezi ndidayembekeza kuti kambaleka kakhala konyezimira ngati ya Ngozi Family ija. Koma nditakatulutsa m'chikuto ndidapeza kuti ndi kotuwa kuposa mbale ina iliyonse m'sutikesimo. Mbali imene kuli nyimbo yoletsedwayo idadyeka kotero kuti mawu a woimba amamveka ngati akuchokera kutsidya la mtsinje wosefukira, pomwe mbali inayo ikadali yatsopano. Mbale siidyeka ili m'chikuto. Padali munthu amene adaiimba nyimboyi kambirimbiri.

Patchuthi ndidanyamula choimbira changa ndi mbale ziwirizi kupita kumudzi. Ndidawapeza agogo aakazi akusenda mtedza pakhonde.

"Agogo, kodi kambale aka ankaimba ndani, popeza akuti agogo aamuna sankakafuna?"

Adakatenga, adakatembenuza, n'kukhala chete nthawi yaitali. "Amunanga, mwayamba kufukula za pansi," adatero, pakuti ndi mmene amandiitanira chiyambire ndili khanda. "Khala pansi ndikuuze."

Agogo aamuna adapita ku Joni koyamba kudzera ku Wenela kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Paulendo wachiwiri adatenga mng'ono wawo, mnyamata wokonda kuimba chitoliro, atalonjeza mayi awo kuti adzabwera naye. Nthawi imeneyo Amalawi ankapita kumigodi mwaunyinji, ndipo pofika 1973 adalipo oposa 100,000. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo adafa. Dr. Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi, ndipo amene adali kale kumeneko adayamba kubwerera makontirakiti awo akamatha. Agogo adafika kumudzi mu 1975, koma adafika okha. Mng'ono wawo adali atachoka kumgodi, atapeza mkazi kulokeshoni. Potsanzikana adawapatsa mbale ya Spokes Mashiyane ndi malaya ake oyera kuti atsogole nazo, iye adzazipeza kumudzi chaka chamawa. Mbaleyo idang'aluka panjira. Makalata adabwera awiri, kenaka zii. Ulendo wa kumigodi utatsekulidwanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, agogo ankatuma aliyense wopita kuti akafunse, mpaka ulendowo udatsekedwanso mu 1988. Palibe adabwera ndi yankho. Mayi awo adamwalira akufunsabe za mwana wawo.

"Kambale aka adakagula okha ku Chipata," adatero agogo aakazi. "Usiku akaganiza kuti ndagona ankadzuka, n'kuika motsitsa, khutu lili pa gumbagumba. Mabatire ankathera pamenepo. Ine ndinkangokhala ngati ndili m'tulo."

"Nanga masana ankakaniranji, Agogo?"

"Anthu akamavina nyimbo imeneyi ankaseka matchona. Ankaseka munthu wobwera chimanjamanja. Tsiku lina agogo ako adandiuza kuti, 'Anthuwa akuseka chiyani? Bola mnzathuyo adabwera. Wanga atabwera ngakhale wopanda nsapato ndingaphe ng'ombe.' Sadayankhulenso za nkhaniyi mpaka tsiku lomwalira."

Ndidakhala nawo agogo aamuna zaka 19. Ndinkawadziwa ngati munthu wolimba mtima, wosakonda zocheza, wodzuka mbandakucha kupita kumunda. Sindidamvepo akutchula kuti adali ndi mng'ono wawo. M'kalasi la malamulo a kalembedwe tidaphunzira kuti mawu akuti "mbale" ndi "m'bale" amasiyana ndi kachizindikiro kamodzi. Tsiku limenelo pakhonde paja phunziroli lidandibwerera, chifukwa kwa zaka 46 agogo adasunga mbale pansi pa bedi podikira m'bale.

Pali chinthu china chimene ndidaona nditaziwerenga zonse 37. Mudali nyimbo za ku South Africa, Zambia, Rhodesia, Congo ndi America, koma mudalibe mbale ngakhale imodzi ya woimba wa kuno kwathu. Kampani ya Nzeru Record Company imene idayamba mu 1968 sidakhalitse, ndipo nyimbo zambiri za oimba athu a nthawiyo zinkajambulidwa pa matepi a wailesi ya MBC n'kumamvekera pawailesi pomwepo. Munthu wa kumudzi ankamva Allan Namoko, koma sikudali kwapafupi kumugula n'kumusunga m'sutikesi. Motero sutikesi ya agogo ikuonetsa komwe anthu a kwathu adapita kukafuna ndalama, osati nyimbo zonse zimene ankakonda.

Kumayambiriro kwa 2024 zinthu zidandithina. Ndalama ya kwacha idali itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu idakwera, fodya wa amayi sadachite bwino, ndipo ngongole ya sukulu imene ndidapempha sidatuluke. Adatiuza kuti wosamaliza fizi salemba mayeso. Mnzanga wina adajambula zikuto za mbale zanga n'kuziika pa Facebook, ndipo pasadathe sabata bambo wina amene amagulira anthu a ku Ulaya mbale zakale adandiimbira foni. Apa m'pamene ndidadziwa kuti mbale zidayambanso kufunidwa. Ku America mu 2022 zidagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba chichokere mu 1987. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles idadindanso nyimbo za Zamrock, kuphatikizapo Day of Judgement, ndipo anthu atazimva adayamba kusakasaka mbale zoyambirira zodindidwa ku Zambia komweko.

Tidakumana ku Lilongwe. Bamboyo ankatenga mbale iliyonse m'mphepete, n'kuipendeketsa padzuwa kuti aone zipsera. Ya Jim Reeves adaibweza msanga, adati zidadindidwa zambirimbiri ndipo iyi ndi yokandika. Ya Spokes Mashiyane adangopukusa mutu. Kambale ka Nashil Pichen adakayang'ana n'kunena kuti, "Aka katha, achimwene, palibe angakagule." Atafika pa ya Ngozi Family adakhala chete, adaipendeketsa kawiri, kenaka adatchula mtengo wokwanira fizi yonse imene idatsala.

Ndidapempha kuti andidikire, ndipo ndidatuluka kukaimbira foni amalume.

"Amalume, mbale yanu ija ya ku Ndola akuifuna. Akuti apereka ndalama yokwana fizi."

"Ya chigayo ija?" adaseka. "Nanga ukudikira chiyani?"

"Ndi yanu, Amalume. Komanso ndimaikonda."

"Mphwanga, ine ndidaigula ndi thukuta la m'malole, ndipo bambo sadandilole kuimva. Ngati lero ikulembetsa mayeso, ndiye kuti yaimba tsopano. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Gulitsa."

Ndidagulitsa. Sindinama kuti sizidandipweteke. Ndidabwerera kusukulu m'minibasi chikwama chili chopepuka, ndipo kwa milungu ingapo sindidayatse choimbira changa. Mayeso ndidalemba ndipo ndidakhoza. Nyimbo za Paul Ngozi ndimazimvabe pafoni, ndipo kunena zoona zimamveka chimodzimodzi, chifukwa mbale ija idalibe chipsera cha munthu aliyense wa kwathu. Pambuyo pake ndidazindikira kuti wogula uja ndi ine tinkayang'ana chinthu chimodzi, koma tinkawerenga mosiyana. Kwa iye mbale yamtengo ndi imene sidakhudzidwe. Mbale imene agogo adaikana ndiyo idali ndi ndalama, ndipo imene adalira nayo usiku kwa zaka zambiri idalibe mtengo ngakhale wa tambala imodzi. Ndimathokoza kuti zidali choncho, chifukwa akadafuna kambale kotuwa kaja sindikudziwa ndikadachita chiyani, pakuti fizi nayo inkafunika.

Lero ndatsala ndi mbale 36. Ndimaziimika chilili m'katoni kutali ndi dzuwa, chifukwa zikasanjikizana kapena kutenthedwa zimapindika. Ndimazipukuta ndi kansalu kofewa motsata kanjira, ndipo sindigwira pamene pali nyimbo. Ndikafunsidwa zimene ndimazikonda ndimatchulabe zinayi, ngakhale imodzi ili kutsidya la nyanja m'nyumba ya munthu amene sindimudziwa. Kwa anzanga amene kwanu kuli masutikesi otere ndikuti musafulumire kuwapatsa ana kuti apangire mawilo. Yambani mwaona mbale imene yatuwa kwambiri, ndipo mufunse akuluakulu akadali moyo kuti ankaiimba ndani. Ine ndidachedwa, ndidafunsa mwini wake atagona kale kumanda.

Kambale ka Nashil Pichen sindikaimba kawirikawiri, podziwa kuti singano ikadutsa kamodzi imachotsapo kena pa zochepa zimene zatsala. Ndimakaimba kamodzi pachaka, pa Khirisimasi, m'nyumba mwa agogo aakazi, anthu ovina atapita. Chaka chatha ndidawapepesa kuti kuthetheka kwachuluka kuposa nyimbo, ndipo ndidati ndikhoza kuwapezera yomveka bwino pafoni. Adakana. Adati ndisunthire choimbiracho pafupi ndi mphasa yawo, ndipo nditsitse mawu monga ankachitira mwini wake.